Mafunso ndi mayankho: kukonza matchati, mapu ndi mapositala oti anthu osasiyanitsa mitundu aziwerenga bwino

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu okonza malipoti, masilaidi, mapositala, mawebusaiti ndi mapulogalamu a pafoni. Oyambirirawo akukhudza maso enieniwo, otsatirawo akukhudza ntchito ya pakompyuta ndi papepala.

Kodi munthu wosasiyanitsa mitundu amangoona zakuda ndi zoyera basi?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi amene amasocheretsa okonza zithunzi ambiri. Anthu ongoona zakuda, zoyera ndi zotuwa alipo, koma ndi ochepa zedi, pafupifupi mmodzi mwa anthu 30,000. Iwowa amakhalanso ndi mavuto ena, monga kuthobwa m'maso kukawala ndiponso kuona mwachimbuuzi.

Ambiri mwa amene tikukamba pano amaona mitundu ndithu, kungoti mitundu ina imene kwa inu ndi yosiyana kutalitali, kwa iwo imayandikana mpaka kufanana. Munthu wotere amawerenga nyuzipepala bwinobwino, amasoka, amayendetsa galimoto. Koma mukamutuma kudimba kuti akathyole tomato wakupsa yekhayekha, amabwera ndi wosakaniza, apo ayi amachita kufinya aliyense kuti amve kufewa.

Chimayambitsa vutoli n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani limagwira kwambiri amuna?

Mkati mwa diso, chakumbuyo, muli kachikopa kotchedwa retina. Pamenepo pali maselo ozindikira mitundu amene ali m'magulu atatu: ena amamva kwambiri kuwala kwa chakufiira, ena kwa chakubiriwira, ena kwa buluu. Ubongo umayerekeza zimene magulu atatuwa anena, n'kupeza mtundu. Gulu limodzi likasowa, kapena likamamva kuwala mofanana kwambiri ndi linzake, kuyerekezako kumasokonekera.

Majini, malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo, a maselo a chofiira ndi chobiriwira ali pa kachingwe kotchedwa chromosome ya X. Mwamuna ali ndi X imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake, choncho ikakhala ndi vuto palibe yoiphimbira. Mkazi ali ndi ziwiri, ndipo imodzi yabwino imakwanira. Bambo sapatsira ana ake aamuna. Amapatsira ana aakazi, amene nthawi zambiri amaona bwinobwino koma amakapatsira ana awo aamuna. Mnyamata akapezeka nalo, mukafufuza kuchikazi mupeza kuti mwina agogo ake aamuna kapena amalume ake analinso choncho.

Lilipo lina lobwera munthu atakula. Matenda a shuga, glaucoma, ng'ala ndi ukalamba zimatha kusintha kaonedwe ka mitundu. Mankhwala enanso amatero, monga ethambutol, amene ali m'gulu la mankhwala a chifuwa chachikulu. Amene akumwa mankhwalawa akaona kuti mitundu yayamba kuzilala athamangire kuchipatala, asadikire tsiku lokatenga ena.

Anthu ake ndi ochuluka bwanji? Kodi n'zoyenera kudzivutitsa nazo?

Pakati pa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya, mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse ndi mkazi mmodzi mwa 200 ali ndi vuto la chofiira ndi chobiriwira. Pakati pa anthu a mu Africa chiwerengerocho n'chotsikirapo, komabe m'kalasi ya ana 100 ngati za m'mapulayimale mwathu, nthawi zambiri simulephera kukhala mmodzi kapena awiri. Padziko lonse akuyerekezedwa kukhala pafupifupi 300 miliyoni.

Chovuta n'chakuti ambiri sadziwa. Anabadwa akuona choncho, ndiye alibe choyerekezera. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku England, anali munthu wamkulu kale pamene anadabwa kuti duwa la pinki ankaliona ngati la buluu masana, koma usiku pa kandulo linkasintha. Anafotokoza zimenezi ku Manchester mu 1794, ndipo mu 1995 akatswiri atayeza DNA ya m'maso ake, amene anasungidwa iye atamwalira, anapeza kuti analibe maselo a chobiriwira. Enanso amadziwa koma sanena. Pamsonkhano palibe amene angakweze dzanja n'kuuza bwana kuti mizere ya pasilaidi yawo ikuoneka yofanana. Munthu amangogwedeza mutu, n'kudzafunsa mnzake panja.

Ndi mitundu iti imene imasokonekera?

Mayina amene mudzawaone m'mapulogalamu oyesera ndi atatu. Deuteranopia ndi pamene maselo a chobiriwira palibe, protanopia ndi pamene a chofiira palibe, tritanopia ndi pamene a buluu palibe. Maselowo akakhalapo koma osagwira bwino, mayinawo amathera ndi -anomaly, ndipo deuteranomaly ndi imene ili yofala kuposa zonse.

Magulu awiri oyambawo amasokoneza chofiira, chobiriwira, cha khofi ndi cha lalanje. Koma sizithera pomwepo. Pepo amafanana ndi buluu, chifukwa kufiira kumene kumamupanga kukhala pepo sikuoneka. Pinki wozilala amafanana ndi chotuwa. Chobiriwira chowala chimafanana ndi chachikasu. Kwa a protanopia pali chinanso: chofiira chimada, moti zilembo zofiira pa chinthu chakuda zimangomira.

Tritanopia ndi yosowa, ndipo imagwira amuna ndi akazi mofanana. Imasokoneza buluu ndi chobiriwira, komanso chachikasu ndi pinki.

Ngati ndingakumbukire chinthu chimodzi chokha, chikhale chiti?

Mtundu usasenze uthenga wokhawokha. Paliponse pamene mtundu ukunena kanthu, payenera kukhalanso china chonena zomwezo: mawu, nambala, chizindikiro, kaumbidwe kapena malo. Malamulo a WCAG, amene bungwe la W3C linakhazikitsa kuti mawebusaiti azifikira aliyense, amaika zimenezi pa ndime 1.4.1, m'gulu la zofunika zoyambirira.

Maloboti a pamsewu ndi chitsanzo chabwino. Chofiira chimakhala pamwamba nthawi zonse, chobiriwira pansi, ndipo woyendetsa wosasiyanitsa mitundu amawerenga malowo. Tepi ya MUAC imene alangizi a zaumoyo amayezera mkono wa mwana ilinso chimodzimodzi. Ili ndi chigawo chofiira, chachikasu ndi chobiriwira, koma ilinso ndi manambala: kuchepera masentimita 11.5 mwana wanyentchera kwambiri, kuyambira 12.5 ali bwino. Mlangizi amene mitunduyo imamuvuta amawerenga nambala, mwana n'kuthandizidwa moyenera. Akanakhala kuti opanga tepiyo anangopaka mitundu, nkhani ikanakhala ina.

Mayankho onse otsatirawa akungotambasula mfundo imeneyi.

Ndiye ndisiyiretu kugwiritsa ntchito chofiira ndi chobiriwira?

Ayi. Mbendera ya Malawi ili ndi chakuda, chofiira ndi chobiriwira, ya Zambia ilinso ndi chobiriwira ndi chofiira, ndipo palibe amene amasochera nazo, chifukwa mbendera imadziwika ndi kaumbidwe kake konse. Vuto limayamba pamene munthu akuyenera kusiyanitsa ziwirizo kuti amve kapena kuti asankhe.

Tiyerekeze tsamba lolipirira katundu lili ndi mabatani awiri, lofiira la Airtel Money ndi lobiriwira la TNM Mpamba. Mitunduyo isiyeni, ndi ya eni ake. Koma batani lililonse lilembedwe dzina, ndipo malangizo anene kuti “dinani palembedwa Mpamba”, osati “dinani lobiriwiralo”.

Ngati mwakakamizika kuziika moyandikana pa tchati, zisiyanitseni kuwala: chimodzi chikhale chakuda bii, china chowala. Chofiiracho chikokereni ku lalanje, chobiriwiracho ku buluu.

Ndisankhe mitundu iti?

Mukafuna iwiri yokha, buluu ndi lalanje sakhumudwitsa. Mukafuna yambiri, musayambe kupeka nokha. Akatswiri awiri a ku Japan, Masataka Okabe ndi Kei Ito, anakonza gulu la mitundu 8 imene asayansi ambiri amagwiritsa ntchito (zilembo zoyamba ndi # ndi nambala ya mtunduwo pa kompyuta):

- lalanje #E69F00
- buluu wowala #56B4E9
- chobiriwira chokokera ku buluu #009E73
- chachikasu #F0E442
- buluu wakuderapo #0072B2
- chofiira chokokera ku lalanje #D55E00
- pepo wokokera ku pinki #CC79A7
- chakuda #000000

Chachikasucho samalani nacho pa pepala loyera. Chimaoneka chikadzaza malo aakulu, koma pa mzere wopyapyala kapena zilembo chimasowa. Ndiponso kukhala ndi mitundu 8 si chilolezo choika yonse pa tchati chimodzi. Ikapitirira 5 kapena 6, ngakhale woona bwino amatopa.

Kodi manambala a 4.5:1 ndi 3:1 amene ndimawaona amatanthauza chiyani?

Amayeza kusiyana kwa kuwala pakati pa zinthu ziwiri, mwachitsanzo zilembo ndi pamene zakhalapo. Muyezowu umayambira pa 1:1, pamene palibe kusiyana kulikonse, kufika pa 21:1, chakuda pa choyera. WCAG imafuna 4.5:1 pa zilembo wamba, ndi 3:1 pa zilembo zikuluzikulu, za mapointi 18 kupita m'tsogolo kapena 14 zikakhala zonenepa. Kuyambira mu 2018, pamene WCAG 2.1 inatuluka, 3:1 imafunikanso pa zinthu zosalemba monga malire a bokosi la fomu, tizizindikiro ndi mbali zofunika za tchati.

Kuti muone kukula kwake: chotuwa #767676 pa choyera chimangodutsa pang'ono 4.5:1. Chofiira chenicheni #FF0000 pa choyera chili pa 4:1, chomwe sichikwana pa zilembo zazing'ono. Chachikasu chenicheni pa choyera sichifika ngakhale 1.1:1. Chofiira chomwe chija chikayandikana ndi chobiriwira #008000 chimangopeza 1.3:1, kutanthauza kuti mukachotsa mtundu palibe chotsala chozisiyanitsa. Simuyenera kuwerengera pamanja. Tsamba la WebAIM lili ndi poyezera paulere, mumangolemba manambala a mitundu iwiriyo.

Muyezowu uli ndi pobowoka pamodzi. Chofiira pa chakuda chimakhoza mayesowa, koma kwa a protanopia chimamira, monga tanenera pa funso la mitundu yosokonekera. Chipeweni ngakhale makina atavomera.

Tchati cha mizere kapena cha mipiringidzo ndichikonze bwanji?

Choyamba, chotsani kabokosi kofotokozera mitundu kamene Excel amaika pambali, m'malo mwake mulembe dzina kumapeto kwa mzere uliwonse. Kabokosi kaja kamapatsa wowerenga ntchito yovuta kwambiri: kuyang'ana kadontho kakang'ono, kusunga mtundu wake m'mutu, kenako kukaufunafuna pakati pa mizere yolukanalukana. Mtundu umazindikirika movutikira malo ake akachepa, ndiye kadontho koteroko n'kopanda thandizo. Ngati tchati chikuonetsa mitengo ya chimanga ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Limbe, mawu akuti Mzuzu akhale pa mzere wa Mzuzu pomwepo.

Chachiwiri, mizere isiyane kaonekedwe. Wina wathunthu, wina wodukizadukiza, wina wamadontho. Pa mfundo zake wina akhale ndi tozungulira, wina tamakona atatu. Inenepetseni ndithu.

Chachitatu, dzifunseni ngati mizere yonseyo ikufunikadi mtundu wakewake. Kawirikawiri nkhani imakhala pa mzere umodzi. Umenewo upatseni mtundu wolimba, inayo ikhale yotuwa. Ikachuluka kwambiri, gawani tchaticho kukhala timatchati tingapo toyandikana.

Pa mipiringidzo yosanjikizana ndi tchati chozungulira, siyani kampata koyera pakati pa zigawo kuti malire azioneka ngakhale mitundu itafanana. Mizeremizere kapena timadontho m'kati mwa chigawo timathandiza, makamaka posindikiza, koma mukachulutsa tchati chimachititsa chizungulire. Zigawo ziwiri zokhala ndi mizere n'zokwanira.

Nanga mapu?

Apa ndi pamene zinthu zimaonongeka kwambiri, chifukwa anthu amakonda mitundu ya utawaleza. Utawaleza ulibe dongosolo la kuwala: chachikasu chapakati n'chowala kuposa mbali zonse ziwiri, ndipo chofiira cha kumapeto chimafanana ndi chobiriwira cha pakati. MATLAB, pulogalamu imene asayansi amajambulira matchati, anasiya kuugwiritsa ntchito ngati woyambira mu 2014. Matplotlib, pulogalamu inanso yotero, nayenso anatengera viridis, gulu la mitundu lokonzedwa mu 2015 ndi Stéfan van der Walt ndi Nathaniel Smith, loyambira pepo wakuda n'kumawala pang'onopang'ono mpaka chachikasu.

Ngati mapu akuonetsa chinthu chochoka pochepa kupita pochuluka, monga mvula kapena chiwerengero cha odwala malungo m'maboma 28 a Malawi, tengani mtundu umodzi, uyambire powala uthere pakuda. Masitepe 5 ndi okwanira. Ngati pali pakati, monga mvula yochepera kapena yopitirira ya nthawi zonse, mbali imodzi ikhale buluu, inayo lalanje kapena chofiira, pakati poyera. Chofiira, chachikasu ndi chobiriwira motsatizana, ayi. Tsamba la ColorBrewer, la Cynthia Brewer wa ku yunivesite ya Penn State, lili ndi pochonga kuti lingokuonetsani magulu otetezeka.

Pali mapu ena amene mitundu yake inakhazikitsidwa kale ndipo simungaisinthe, monga a IPC oonetsa kukula kwa njala m'magawo 1 mpaka 5. Pamenepo lembani nambala ya gawolo m'kati mwa boma lililonse. Maboma aang'ono ngati Chiradzulu, Mwanza ndi Likoma akufunika kamzere kolozera, nambala n'kukhala panja.

Kuntchito timagwiritsa matebulo opaka chofiira, chachikasu ndi chobiriwira posonyeza mmene ntchito ikuyendera. Titani?

Onjezani mawu m'bokosimo: “zatheka”, “zikuchedwa”, “zaima”. Mu Excel, pa Conditional Formatting, mitundu yoyamba kuoneka pa Color Scales ndi yomwe ija ya chobiriwira, chachikasu ndi chofiira, n'chifukwa chake ili ponseponse. Pa Icon Sets pewani tozungulira titatu tofanana kaumbidwe, sankhani kochonga, kofuula ndi kamtanda. Ndalama zoperewera zisamangolembedwa mofiira, ziikeni chizindikiro chochotsera kutsogolo.

Pa webusaiti ndi pa pulogalamu ya pafoni, zolakwika zofala ndi ziti?

Fomu imene imangofiiritsa malire a bokosi munthu akalakwitsa ndiye yoyamba. Munthu amadina, palibe chikuchitika, amadinanso, data ikutha. Lembani pansi pa bokosilo chimene chalakwika, monga “nambala ya foni yaperewera”, ndi kachizindikiro pambali. Mabokosi ofunika kudzaza alembedwe kuti ndi ofunika.

Malinki a m'kati mwa ndime akhale ndi mzere kunsi. Posankha mtundu wa katundu, monga nsalu kapena nsapato, kabokosi kalikonse kakhale ndi dzina la mtunduwo. Kabatani koyatsa ndi kuzimitsa kasonyeze ndi mawu kapena chochonga mbali imene kali. Ndipo kumbukirani kuti ambiri adzaona ntchito yanu pa foni yotchipa, ali panja dzuwa likuswa mtengo, chithunzicho chitadutsa m'magulu angapo a WhatsApp. Mitundu yozilala imene imakongola pa kompyuta ya mu ofesi sifika kumeneko.

Ndingayese bwanji ntchito yanga ine ndikuona bwinobwino?

Njira yachangu ndi kuchotsa mitundu yonse. Sindikizani pa pulinta ya inki yakuda yokha, kapena sinthani foni kuti izionetsa zotuwa: pa iPhone zili pa Accessibility, Display & Text Size, Color Filters, ndipo Android ndi Windows alinso nazo pa Accessibility. Umu si mmene anthuwa amaonera, monga tanenera pa funso loyamba, koma ndi mayeso okhwima. Chikamveka chili chotuwa, ndiye kuti uthenga sukudalira mtundu.

Kuti muone moyandikira mmene iwo amaonera, pulogalamu yaulere ya Color Oracle imasintha sikirini yonse pa Windows, Mac ndi Linux. Tsamba la Coblis limalandira chithunzi n'kuchionetsa m'njira zosiyanasiyana. Mu Chrome tsegulani DevTools, pitani pa Rendering, musankhe Emulate vision deficiencies. Mu Photoshop zili pa View, Proof Setup. Yesani deuteranopia ndi protanopia zonse ziwiri, chifukwa sizipereka zotsatira zofanana.

Mukapeza munthu weniweni wokuyeserani, musamuloze chinthu n'kumufunsa kuti “ichi ndi mtundu wanji?” Funso limeneli analimva kambirimbiri, ndipo limamusandutsa choseweretsa. M'funseni za uthengawo: ndi boma liti lili ndi odwala ambiri, ndi batani liti lolipirira. Akachedwa kuyankha, vuto lili pa tchati.

Ndine mphunzitsi, sindikonza mawebusaiti. Zikundikhudza bwanji?

Choko chofiira pa bolodi lakuda kapena lobiriwira sichioneka kwa ana ena. Choyera ndi chachikasu ndi zodalirika, ndipo pofuna kutsindika mawu, ajambuleni mzere kunsi kapena muwazungulize. Mapu a pakhoma ndi zithunzi za sayansi zilembedwe mayina. Makrayoni alembedwe dzina la mtundu wake. Mwana wojambula masamba a mtengo ndi mtundu wa khofi, thunthu ndi chobiriwira, sikuti ndi wamwano kapena wogona. Auzeni makolo akamuyezetse maso.

Ku Portugal, Miguel Neiva anapanga zizindikiro zotchedwa ColorADD zoimira mitundu, ndipo mu 2017 zinaikidwa pa makadi a UNO. N'zanzeru, koma munthu ayenera kuziphunzira kaye. Kwa mwana wodziwa kuwerenga, kulemba dzina n'kwachidule.

Si pali magalasi ndi masetingi a foni othetsa vutoli?

Vuto lobadwa nalo lilibe mankhwala. Magalasi ngati a EnChroma amatchinga mbali ina ya kuwala kuti mitundu ina isiyaneko, ndipo ena amati amawathandiza, koma sabwezeretsa maselo osowa, ndiponso ndi odula. Masetingi a foni amasuntha mitundu, kusiyanitsa iyi n'kusokoneza ina. Ndipo onsewa sathandiza munthu amene sakudziwa kuti ali ndi vuto, kapena amene waima kutsogolo kwa positala pakhoma la chipatala.

Abwana akuti zimenezi zichotsa kukongola. Ndiwayankhe bwanji?

Musatsutsane nawo pakamwa. Tsegulani Color Oracle pa lipoti lawo lomwelo muwaonetse, kapena apatseni fotokope yake yakuda ndi yoyera, imene ndi yomwe anthu ambiri kumaboma adzalandire. Buluu wa Facebook, amene palibe amamudandaula, anasankhidwa ndi Mark Zuckerberg, yemwe sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira.

Ngati amakonda mpira, akumbutseni za pa 12 November 2015, pamene Buffalo Bills anavala zofiira zokhazokha, New York Jets zobiriwira zokhazokha, pa masewero a NFL, ligi ya mpira wa ku America. Oonera ambiri pa TV sanathe kudziwa kuti uyu ndi wa timu iti, ndipo madandaulo ake anamveka dziko lonse la America. Ku rugby, Ireland ndi Wales akhala akukumana atavala chobiriwira ndi chofiira kwa zaka zambirimbiri, koma mu 2025 pa mpikisano wa Six Nations, Ireland inavala zoyera ku Cardiff potsatira malangizo a World Rugby. Kwathu kuno Bullets ndi Wanderers zinangochitika mwamwayi: chofiira ndi buluu zimasiyana kwa pafupifupi aliyense.

Ndikukayikira kuti inenso ndili ndi vutoli. Kodi ndingapitirize ntchito yokonza zithunzi?

Kayezetseni kaye kwa a zamaso. Mayeso ofala ndi a Ishihara, amene dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917: manambala obisika m'timadontho ta mitundumitundu, ndipo buku lathunthu lili ndi masamba 38. Amagwira vuto la chofiira ndi chobiriwira lokha. A pa intaneti angokupatsani chithunzithunzi, chifukwa sikirini iliyonse imaonetsa mitundu mwa njira yake.

Ntchito mungapitirize. Gwirani ndi manambala a mitundu m'malo modalira diso, sungani magulu oyesedwa kale ngati amene tatchula pa funso la kusankha mitundu, ndipo mitundu ya kampani iliyonse muziilemba mayina mu fayilo. Pa zinthu ngati khungu la munthu pa chithunzi kapena kaonekedwe ka chakudya, pemphani mnzanu ayang'aneko musanatumize kosindikiza.